Madzi a Sopo m'Mabuleki

Amuna anga atachotsedwa ntchito ku kampani ina ya ku Lusaka komwe ankayendetsa galimoto, anagula lole yakale ndi ndalama zimene anawapatsa potsanzikana nawo. Tinachoka m'tauni n'kukakhala ku Bundabunda, kumene malume awo anali atatipemphera kale malo. Ife kwathu ndi kum'mawa, koma eni dera anatilandira bwino, makamaka chifukwa cha loleyo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene shuga, sopo ndi mafuta ophikira otchedwa saladi tinkazipeza pokhapokha titaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, ndipo basi yopita ku Lusaka inkadutsa itadzaza kale, osaima n'komwe. Amayi a m'midzi yozungulira ankalima tomato ndi repu m'madimba, koma zambiri zinkangowolera m'mbali mwa msewu podikira chokwera.

Ntchito sitinachite kuisaka. Tisanamalize n'komwe kumasula katundu wathu, amayi anayamba kufika pakhomo kudzafunsa ngati tingamawanyamulire mabokosi awo ku msika wa ku Lusaka. Tinagwirizana kuti tizinyamuka m'mawa, mabokosi pansi, eni ake pamwamba, ndipo tizibwerera limodzi masana. Ine ndinkakhala kutsogolo pafupi ndi amuna anga, ndipo ntchito yanga inali kuona kuti bokosi la munthu lisasokonezeke ndi la mnzake. Miyezi yoyambayo zinthu zinayenda. Tinafolera nyumba ndi malata, mwana wathu anavala nsapato koyamba, ndipo ine ndinkayenda m'mudzi ngati munthu wodziwika.

Amene ankatsogolera amayiwo anali mayi wina wachikulire, wamfupi, yemwenso anali tcheyamani wa amayi a chipani m'dera lathu. Tonse tinkangowatchula kuti amayi a tcheya. Sankakweza mawu polankhula, koma anthu ankawaopa, chifukwa ankadziwa amene ali ndi khadi la chipani ndi amene alibe, ndipo mawu awo ankafika mpaka ku boma. Ineyo ndinkawagwadira powapatsa moni. Amuna anga okha ndiwo sankawaopa, ndipo zimenezi zinkandidetsa nkhawa kuyambira pachiyambi.

Choyamba kusintha chinali nthawi yonyamukira. Amuna anga ataona kuti ndalama zikubwera, anayamba kudzuka mochedwa. Ankasamba pang'onopang'ono, kumeta ndevu, kupukuta magalasi a lole, amayi ali chikhalire pa mabokosi awo kumsewu, dzuwa likuwotcha tomato. Tikafika ku msika ogula ambiri amakhala atagula kale kwa ena, ndipo amayi athu ankagulitsa motchipa kuti asabwerere ndi katundu.

Tsiku lina amayi a tcheya anawayandikira pa windo. "Badalaiva, dzuwa lakwela. Ogula ku msika sayembekeza munthu."

"Amama, motoka ni yanga," anayankha amuna anga. "Amene ali na changu, mseu ni uyo."

Amayi a tcheya anangokwera n'kukhala pa bokosi lawo. Titanyamuka ndinalankhula motsitsa mawu kuti, "Atate a mwana, aja ni anthu amene atidyesa. Musawayankhe telo."

"Azayenda kuti?" anatero akuseka. "Kulibe wina ali na motoka kuno."

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri pambuyo pake. Ankawanena akamakweza mtengo wa bokosi popanda kuchenjeza, ankawanena akamapachika mabokosi mpaka kupitirira denga la kutsogolo, ndipo ankawanenanso amayi akadandaula kuti tomato wa pansi waphwanyika.

Za mabuleki ndinazizindikira ndekha, ngakhale sindidziwa kuyendetsa. Ndinaona kuti akafuna kuima, phazi lawo silinkapondanso kamodzi ngati kale. Ankapopa, kupopa, kupopanso, loleyo n'kumaima monyinyirika patali ndi pamene amafuna. Pamalo pamene inkagona pakhomo pankatsala kadontho konyowa pafupi ndi tayala lakumbuyo. Nditawaonetsa anati akudziwa, kachubu kena kakudontha ndipo timphira tina tatha, adzakonza mawa. Amuna anga sanali mbuli pa za galimoto. Anali atayendetsa kwa zaka zambiri, ndipo vutolo ankalidziwa bwino kuposa wina aliyense m'mudzimo. Koma mawa lakelo silinkafika.

N'zoona kuti zipangizo zinali zosowa masiku amenewo. Mafuta a mabuleki m'masitolo munalibe, ndipo kwa ogulitsa mobisa anali okwera mtengo. M'mawa wina ndinapeza amuna anga atatenga sopo wanga, yemwe ndinamuimira pamzere ku Chongwe, akumupala ndi mpeni m'kachitini ka madzi. Anavundula mpaka madzi aja analemerera, n'kuwathira mmene mumayenera kulowa mafuta a mabuleki.

"Madalaiva onse acita so," anatero ataona nkhope yanga. "Yagwila bwino chabe."

Inagwiradi tsiku limenelo, ndi tsiku lotsatira. Kenako anayamba kuyenda ndi botolo la madzi a sopo pansi pa mpando, kumathira tikafika ku msika ndi kuthiranso tisanabwerere. Anasemanso chipika cha mtengo wolimba n'kuchiika pamapazi anga. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inawonjezeka: lole ikamayandikira poima, makamaka pamalo otsetsereka, ndinkatsegula chitseko, kudumpha ndi chipikacho, kuthamanga m'mbali mwake n'kuchiponya patsogolo pa tayala. Amayi pamwamba ankaseka poyamba. Patapita nthawi anasiya kuseka, ndipo ndinkaona ena akugwira chingwe cha mabokosi ndi manja awiri tikangoyamba kutsetsereka.

Masiku a ulendo ndinasiya kudya m'mawa. Mwana ndinkamusiya kwa mayi wina woyandikana nafe, ndipo tsiku lina ndinapezeka ndikumufotokozera mayiyo mudzi wa kwathu kum'mawa ndi mmene angawapezere abale anga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati wamva. Kutsala pakhomo sindikanatha. Ndikatsala, chipika akanaponya ndani?

Mwayi wokonza unabwera. Munthu wina wa ku msika, amene ankabweretsa zinthu kuchokera kumalire, anawauza amuna anga kuti wapeza kachubu, timphira ndi mafuta enieni. Ndalama zinalipo. Ndinasangalala mpaka ndinaimba nyimbo ya ku tchalitchi pobwerera. Koma mlungu womwewo kunamveka kuti mlimi wina akugulitsa kagalimoto kake kakang'ono kotsegula kumbuyo, kamene injini yake inali itafa. Amuna anga anapita kukakaona, ndipo madzulo kanafika pakhomo kakukokedwa ndi ng'ombe.

"Nanga vya mabuleki?" ndinafunsa.

"Iwe suona patali. Nikakonza aka, tizakhala na mamotoka awili. Imodzi ku Lusaka, imodzi ku Chongwe. Anthu azaziba kuti kuno kuli kampani."

"Koma iyi imene itidyesa siima."

"Iima. Kodi siniima nayo masiku onse?"

Kagalimoto kaja sikanayendepo. Anakakhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo alendo akabwera ankawatengera kumeneko kukawaonetsa. Pa lole anagulira penti yobiriwira ndi hutala watsopano wolira ngati wa sitima.

Pa msewu waukulu wopita ku Lusaka pankakhala rodibuloko pafupi ndi Chongwe. Pankaikidwa migolo pakati pa msewu, apolisi ankafunsa zitupa ndi mapepala a galimoto, ndipo asilikali ankaima pambali ndi mfuti. Aliyense ankadziwa kuti galimoto yosaima pamalo otere imayesedwa ya adani. Amuna anga ankayamba kuchepetsa liwiro kutali kwambiri, kutsitsa magiya mmodzimmodzi, kuti pofika pa migolo tikhale tikukwawa. Tsiku lina anachedwa kuyamba chifukwa ankandifotokozera za mtundu wa penti yomwe adzapake kagalimoto kaja. Atazindikira, migolo inali pafupi. Anapopa, phazi linangofika pansi. Wapolisi anakweza dzanja, ife n'kumapitabe. Tinagunda mgolo umodzi, unagubuduzika ukulira pa phula, ndipo ndinaona msilikali akutsitsa mfuti paphewa n'kuilozetsa pa galasi lathu. Sindikumbukira kuti ndinatsegula bwanji chitseko. Ndikungokumbukira ndikuthamanga ndi chipika, ndikudziwa kuti munthu wothamanga kuchokera m'galimoto yosaima ndiye woyamba kuomberedwa. Ndinachiponya, tayala linachikwera pang'ono n'kubwerera, lole inaima. Ndinakhala pansi pa phula pomwepo, manja m'mwamba.

Wapolisi wamkulu anakwera yekha n'kuponda buleki. Anatsika nkhope itasintha. Anawauza amuna anga kuti chifukwa cha amayi ndi katundu wawo awalola kuti akafike pang'onopang'ono, koma loleyo akadzaionanso pamsewu isanakonzedwe adzaigwira, ndipo iwo adzagona m'chitokosi. Ndinathokoza Mulungu mumtima. Ndinkaganiza kuti tsopano palibenso kuchitira mwina, akonza.

Pakhomo titatha kudya, amuna anga anati, "Kuli njila ina."

Njirayo inali ya m'tchire, yodutsa ngolo za ng'ombe. Inkapatuka tisanafike pa rodibuloko, kutsetsereka mpaka pa kamtsinje kena kothira mu Chongwe, kuwoloka pa kamlatho kopapatiza kopanda zotchinga m'mbali, n'kukatulukira kutsogolo. Ndinawapempha. Ndinawauza kuti tiime kaye milungu ingapo, tigulitse kagalimoto kaja, tikonze. Anati tikaima anthu adzati ashota. Kwa iwo kuoneka ngati munthu amene zamuvuta kunali koopsa kuposa mtsetse.

Amayi ena atamva za njira yatsopanoyi anatsala. Ambiri anakwera, chifukwa tomato anali atapsa ndipo sakanadikira. Amayi a tcheya anafunsa asanakwere kuti, "Badalaiva, mwakonza?"

"Nakonza, amama."

Amayi a tcheya anandiyang'ana ine. Ndinali nditanyamula chipika m'manja, ndipo ndikhulupirira kuti anamvetsa. Komabe mabokosi awo anali atapachikidwa kale pansi pa a anzawo, ndipo anakwera.

Dzuwa linali litakwera ndithu pamene tinapatuka. Inali nyengo yotentha, fumbi linkalowa pa mawindo, nthambi zinkakwapula amayi pamwamba. Titafika pamene njira imayamba kutsika, amuna anga anaima pamalo athyathyathya, anathira madzi a sopo, anapopa, n'kunena kuti zili bwino. Tinayamba kutsetsereka ndi giya yaing'ono. Injini inkalira mokakamizika chifukwa cha kulemera kwa katundu. Chapakati pa mtsetse tinagwa m'dzenje, ndipo ndinamva chinthu chikudumpha pansi pa mapazi athu. Giya inali itatuluka. Injini inangoti zii, ndipo lole inayamba kuthamanga yokha.

Anapopa. Ndinamva chitsulo chikugunda pansi popanda kanthu. Anayesa kubwezera giya, inangokukuta. Anakoka handibuleki, inabwera yonse m'manja mwawo ngati chingwe chomasuka. Ndinagwira chitseko kuti ndidumphe ndi chipika, iwo anandigwira mkono.

"Khala. Izakuponda."

Kumbuyo amayi anayamba kulira, ena kutchula Yesu, ena kumenya denga ndi zikhatho. Titakhota ndinaona kamlatho kaja, ndipo pamwamba pake panali ngolo ya ng'ombe yodzaza nkhuni, mwini wake akuyenda patsogolo. Panalibe podutsa. Kumanja kunali phompho la miyala ya mtsinje. Kumanzere, tisanafike pa mlatho, kunali chulu chachikulu chomera zitsamba. Ndinaona amuna anga akuyang'ana ngolo, kenako chulu. Nkhope yawo inali yodekha modabwitsa. Anapotoza chiwongolero ndi thupi lonse.

Lole inakwera chulu ndi matayala a mbali imodzi, inaima m'mwamba kamphindi ngati ikuganiza, kenako inagona cham'mbali. Mutu wanga unagunda galasi. Nditatsegula maso ndinali pamwamba pa amuna anga, ndipo chitseko changa chinali kumwamba. Anandikankha, ndinatulukira pa windo.

Zimene ndinaona panja sindidzaziiwala. Pansi ponse panali pofiira. Amayi anali mbwee m'fumbi, nkhope, mikono ndi zitenje zili zofiira, ena akukwawa, ena ali duu. Ndinkaganiza kuti tapha mudzi wonse. Panapita nthawi ndisanazindikire kuti zambiri mwa zofiirazo anali tomato. Mmodzimmodzi anayamba kudzuka, kudzigwiragwira, kuitanana. Ambiri anali ndi mabala ndi zotupa basi. Amayi a tcheya okha sanadzuke. Mabokosi anali atawagwera pa mwendo, ndipo titawachotsa mwendowo unali utapindika pamalo osapindika. Sanalire. Ankangopuma mofulumira, maso ali kumwamba.

Mwini ngolo uja anataya nkhuni zake, tinawagoneka m'ngolomo, n'kubwerera nawo ku msewu waukulu. Malo apafupi opezera thandizo anali pa rodibuloko pomwe tinkathawa paja. Apolisi anaimitsa galimoto yodutsa kuti iwatengere ku chipatala ku Lusaka. Amuna anga apolisiwo anawatsekera m'chitokosi.

Masiku amene anali m'chitokosi ndiwo anali owopsa kwa ine kuposa ngozi yeniyeniyo. Tinali obwera m'deralo, ndipo tinali titavulaza munthu wa chipani. Anthu anasiya kudutsa pakhomo pathu. Ndikapita kuchitsime, nkhani zinkaduka. Ndinamva mphekesera kuti achinyamata a chipani akukambirana zobwera kudzatisamutsa, ena ankati adzagwetsa nyumba. Ndinamanga zovala zanga ndi za mwana m'chitenje n'kuziika kuseri kwa chitseko. Ndikamva mapazi a anthu ambiri panjira, ndinkabereka mwana n'kukaima m'munda wa chinangwa mpaka adutse. Amuna anga anatuluka atalipitsidwa kukhoti, atawonda, osalankhula zambiri, ndipo tinadikira limodzi.

Amayi a tcheya atatuluka m'chipatala, mwendo uli mu pulasitala, tinaitanidwa ku msonkhano wa chipani pa bwalo la sukulu. Anatikhazika kutsogolo pa benchi la ana. Amuna angapo analankhula mokalipa, ndipo wina anati anthu otere abwerere kumene anachokera. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Pomaliza anapatsa mpata amayi a tcheya, ndipo analankhula ali chikhalire.

"Sinifuna kuti muwapitikise. Mwana wao azadya chani? Ndiponso pa mlatho paja akanafuna kuzipulumusa okha, sembe tinafa tonse pamodzi na mwine wa ngolo. Kuyendesa aziba." Anaima pang'ono, n'kutembenukira kwa amuna anga. "Koma n'nakufunsani, badalaiva, ngati mwakonza. Munaniyang'ana m'maso. Ine motoka yanu sinizakwelanso."

Msonkhano unathera pomwepo. Palibe anatigwira, palibe anagwetsa nyumba.

Amuna anga anagulitsa kagalimoto ka pa njerwa kaja kwa anthu ofuna zitsulo, anapita kwa munthu wa kumalire uja, ndipo lole anaikonza m'masiku ochepa chabe. Ndinadabwa kuona kuti ntchito yake inali yaing'ono chotero. Anandiitana kuti ndikwere, anaithamangitsa pabwalo n'kuponda kamodzi, inaima nji. Tsiku la msika anadzuka kusanache bwino, anakaima kumsewu injini ikulira, n'kuliza hutala uja.

Amayi anabwera ndi mabokosi awo pamutu ndi pa ngolo. Anatipatsa moni mwaulemu, n'kutipitirira, kukaima patsogolo pang'ono pansi pa mtengo. Pamene ife tinali pa milandu, iwo anali atagwirizana ndi bambo wina wa ku Chongwe amene anali ndi lole yaing'ono kuposa yathu. Inafika, ananyamula zimene ikanatha, otsala anadikira ulendo wachiwiri. Anasankha kudikira padzuwa ife tili pomwepo ndi lole yopanda kanthu. Amuna anga anatsitsa mtengo, anayenda khomo ndi khomo, koma anangopeza matumba a makala apa ndi apo, osakwanira ngakhale mafuta.

Madzulo ena anati, "Ni nsanje chabe. Cifukwa ndise a kum'mawa."

"Pamene tinabwela tinali a kum'mawa," ndinatero. "Ndipo anakwela."

Sananenenso za nsanje. Mvula isanagwe loleyo inagulitsidwa kwa munthu wa ku Lusaka.

Patapita miyezi amuna anga anapeza ntchito yoyendetsa thirakitala pa famu ina yaikulu chakufupi ndi tauni. Kumeneko kunali kapitawo amene ankaliza chitsulo m'mawa ndi kuyendera makina onse asanatuluke. Amuna anga anagwira ntchito imeneyo mpaka ukalamba, ndipo sindinamvepo kuti achedwa kapena kuti atulutsa thirakitala ili ndi vuto. Ankabwera kumapeto kwa mlungu ali ndi nkhani za madalaiva anzawo osasamala, akupukusa mutu. Ine ndinatsala ku Bundabunda ndi mwana, ndinatsegula dimba langa m'mbali mwa dambo, ndipo chaka chotsatira ndinayamba kupita ku msika ndi amayi anzanga pa lole ya bambo wa ku Chongwe uja. Amayi a tcheya ankayenda motsimphina, moti kukwera pamwamba sankathanso. Ankakhala kutsogolo, ndipo mabokosi awo ndinkawatsitsira ndine.